Yamphongo yonenepa pa okushoni, nanga ikafika kuphiri?

Mwezi wa Okutobala ukafika, alimi a nkhosa a m'mapiri a ku Scotland ndi kumpoto kwa England sapezeka pakhomo. Amakhala ali ku Lanark, ku Dalmally, ku Lairg kapena ku Hawes, atatsamira pa zitsulo za makola a okushoni, maso ali pa nkhosa zamphongo. Nkhosazo zimakhala zitakonzedwa ngati mkwati. Ubweya aupaka utoto wachikasu kapena wofiirira, nyanga azipukuta ndi mafuta, ndipo eni nkhosa za mtundu wa Swaledale amatha masiku akuzula timaubweya toyera tosokonekera pankhope yakuda, kamodzikamodzi, ndi kachipangizo kozulira nsidze. Chaka choyamba kugwira ntchito ya udokotala wa ziweto kuno ndinaseka nditaona zimenezi. Ndinaleka kuseka nditamva mitengo yake.

Ku Lanark konko, m'chaka cha 2020, mwana wa nkhosa wamphongo wa mtundu wa Texel anagulidwa magini 350,000 (ndalama yakale yomwe amawerengerabe pa okushoni), omwe ndi mapaundi 367,500. Texel si nkhosa ya m'phiri, ndi ya kumsipu wobiriwira wa kuchigwa, koma malungo a mitengo yotere amagwiranso a m'mapiri. Ndiye mlimi akandifunsa kuti, "Adokotala, tigule iti?" yankho langa limayamba ndi funso lina: nkhosayi yakulira kuti, ndipo yakhala ikudya chiyani?

Phiri la ku Scotland si malo ochezera. Mvula imabwera chammbali ndi mphepo, nthaka ndi ya chinyontho komanso yowawasa, udzu wake ndi wolimba wopanda chakudya chokwanira, ndipo chisanu chimatha kukwirira msipu masiku angapo. Mitundu yomwe imapirira m'mapiri otere ku Britain ndi yowerengeka: Scottish Blackface, Cheviot, Swaledale, Herdwick ya ku Lake District, ndi Welsh Mountain ya ku Wales. Ndi nkhosa zochepa thupi, zoyenda mtunda wautali kufuna chakudya, zobereka zokha panja popanda wozithandiza. Zilinso ndi khalidwe lina lodabwitsa. Mapiri ambiri alibe mpanda, koma gulu lililonse limadziwa dera lake, ndipo mwana amaphunzira malirewo kwa mayi ake. A ku Scotland amati heft, a ku Wales amati cynefin. N'chifukwa chake matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a mu 2001, omwe anaphetsa ziweto zoposa 6 miliyoni ku Britain, anapweteka alimi a m'mapiri kawiri. Nkhosa ungagule zina, koma kudziwa phiri sikugulidwa pamsika.

Choncho zazikazi za m'phiri sizichokera kwina, zimabadwira pomwepo. Magazi atsopano amalowa pakhomo limodzi lokha, la yamphongo. Tiwerengere limodzi. Yamphongo imodzi kuphiri imapatsidwa zazikazi pafupifupi 40. Ikagwira ntchito zaka 2, yasiya ana 80 kapena kuposerapo, theka lake aakazi, ndipo abwino mwa iwo ndiwo adzakhale amayi a gululo kwa zaka 4 kapena 5. Ukalakwitsa pogula chaka chino, udzalira mpaka ana a sukulu a sitandade 1 atafika sitandade 7. Amene akugula yamphongo akugula ana ake aakazi omwe sanabadwe: mano awo, ziboda zawo, mkaka wawo, ndi mtima wosathawa mwana pa tsiku la chimvula.

Vuto n'lakuti zonsezi sizioneka m'khola la okushoni. Chimaoneka ndi thupi. Ogulitsa amadziwa kuti yaikulu ndi yonenepa ndiyo imakweza mtengo, ndiye ambiri amazitsitsa kuphiri, kuzisunga m'nyumba, kuzidyetsa chakudya cha m'matumba ndi kabichi kwa miyezi. Chikomekome cha mkuyu chenicheni.

Ndinaona ndi maso anga kwa mlimi wina wachikulire amene ndimamuyendera. Anabwera ndi Blackface yokongola, nyanga zopiringizika kawiri, msana wotakata ngati tebulo. Anailowetsa kwa zazikazi kumapeto kwa Novembala. Patatha masabata atatu anandiitana. Tinaipeza itaima yokha kuseri kwa mpanda wa miyala, mutu uli pansi, ikudikira chidebe cha chakudya chomwe inazolowera. Nditaika dzanja pamsana, mafupa ankandibaya. Alimi kuno amati yasungunuka. Mimba yake inazolowera chakudya chofewa, ndipo tizilombo ta m'chifu togaya udzu timafuna masabata kuti tisinthe. Yamphongo iliyonse imatsika thupi m'nyengo yokweretsa, mwina kufika pa magawo 15 mwa 100, koma iyi inalibe poyambira. Atapima kuti aone zotenga bere m'mwezi wa Febuluwale, zazikazi zambiri za gulu lakelo zinali zopanda kanthu. Mkuluyo sananene zambiri. Anangoti, "Ndinagula chithunzi."

Kunenepa kumawononganso pena posaoneka. Machende amafuna kuzizirirapo kuposa thupi lonse kuti apange umuna wabwino, n'chifukwa chake amalendewera panja. Mafuta akadzaza m'khosi mwa thumba lake, amafunda ngati avala bulangete, mbewu n'kufooka. Umuna umatenga pafupifupi masabata 7 kuti ukhwime, ndiye chilichonse chovuta lero, kaya ndi kutentha thupi, kaya ndi chilonda cha m'chiboda, zotsatira zake zimadzaoneka patatha miyezi iwiri. Pa chifukwa ichi timapima zamphongo kutatsala masabata 10 kuti zilowe kwa zazikazi, osati dzulo lake.

Kupimako si ufiti, mlimi aliyense angathe. Tsegulani kukamwa. Nkhosa ilibe mano akutsogolo a m'mwamba, ili ndi usinini wolimba, ndipo mano a m'munsi ayenera kugunda pa usininiwo bwinobwino, osapitirira kutsogolo. Mano otulukira kunja amagweluka msanga, ndipo nkhosa yopanda mano kuphiri yatha ntchito. Yendetsani zala m'mbali mwa nsagwada kuti mumve ngati muli zotupa. Itembenuzeni muone ziboda zonse zinayi, kenaka muisiye iyende, muione kumbuyo. Gwirani machende: akhale awiri ofanana, olimba ngati mnofu wa pamkono mukaupinda, oyenda momasuka m'thumba, opanda timibulu. Pomaliza pisani dzanja mu ubweya. Wothinana bwino umatsetsereka madzi, pamene wotseguka pamsana umalowetsa mvula mpaka pakhungu, ndipo ana obadwa ndi ubweya wotere amafa ndi kuzizira usiku woyamba. Onaninso nyanga, zisakhale zothina kumaso.

Manambala nawo alipo. Bungwe la Signet limalemba kulemera kwa ana, kukula kwa mnofu ndi luso la amayi polera, n'kutulutsa ziwerengero zotchedwa EBV zosonyeza zomwe yamphongo ingapatsire ana ake. Alimi ambiri a m'mapiri amazikayikira, amati diso lawo limakwana. Ine ndimati diso ndi pepala ziyendere limodzi, koma ndichenjeze: osathamangira nambala ya kukula yokha. Yaikazi yaikulu imafuna chakudya chambiri, ndipo phiri silionjezera udzu chifukwa choti mwagula mtundu waukulu.

Ndikanakhala ine wogula, ndikanapita kwa mwini wake miyezi isanakwane ya okushoni, kukaona mayi wa yamphongoyo ali kuphiri. Ali ndi zaka zingati? Mano akadali onse? Walera ana angati yekha? Ndikanasankhanso yochokera kuphiri lovuta ngati langa kapena loposa. Nkhosa yotsika kuchoka povuta kupita pabwino imakondwa, yokwera imavutika. Ulimi wambiri wa nkhosa ku Britain unamangidwa pa mfundo imeneyi: zazikazi zikabereka kanayi kuphiri amazigulitsa kumunsi, kumene amazikweretsa ndi Bluefaced Leicester n'kubala ana otchedwa Mule, omwenso amapita kuchigwa kukakumana ndi Texel kapena Suffolk.

Pali nkhupakupanso. Mapiri ena ali nazo zambiri, ndipo zimafalitsa matenda a louping ill ndi malungo ena omwe amatha kulepheretsa yamphongo kupereka bere kwa kanthawi. Yokulira kopanda nkhupakupa ikaponyedwa kotere mwezi wa Novembala uli pafupi, mwataya chaka. Kumudzi timazidziwa izi. Dorper kapena tonde wa Boer wochokera ku South Africa amaoneka bwino pa tsiku lofika, koma zimene zimatsala m'khola mvula ikatha nthawi zambiri ndi zathu zomwe zija zazing'onozing'ono.

Ikafika pakhomo, isasakanikirane ndi zinzake kwa masabata 4. Imwe mankhwala a njoka za m'mimba ndi za m'chiwindi, ilowe m'dibi kapena ipimidwe magazi poopa mphere, ziboda zionedwenso. Chakudya cha m'matumba muzichichepetsa pang'onopang'ono uku ikuzolowera udzu wa pamalopo.

Tsiku lolowa kwa zazikazi, ipakeni utoto pachifuwa, kuti iliyonse yokweredwa itsale ndi chizindikiro kumbuyo. Yaikazi yosatenga bere imafunanso yamphongo pakatha masiku 17, ndiye tsiku limenelo sinthani utoto, muyambe ndi wachikasu, kenaka wofiira, kenaka wabuluu. Mukaona zambiri zachikasu zasanduka zofiira, musadikire dokotala kuti adzakuuzeni, lowetsani ina msanga. Zikayenda bwino, bere ndi masiku 147, ana amagwa mu Epulo udzu ukuyamba kuphuka. Yamphongoyo igwire Novembala awiri basi pa gulu limenelo, chifukwa wachitatu ana ake aakazi amakhala atakula, ali pamzere womwewo. Apo mukagogode kwa mnansi wa kuseri kwa phiri, musinthane.