Bwanji matanka amavutika ndi phiri la Chiweta pomwe Nacala ili pakhomo pompa?

Amene munakwerapo basi ya ku Karonga mukudziwa mmene zimakhalira pa Chiweta. Thanka yodzadza petulo ikukwera phiri lija ngati gogo wa nyamakazi, utsi uli tolotolo, kumbuyo kwake kwandanda magalimoto khumi ndipo palibe angayerekeze kuipitilira chifukwa mbali inayo kuli chiphompho choti ukasuzumira mmimba mumachita kuzizira. Ulendo wina ndinakhala mpando umodzi ndi kamnyamata ka ku koleji, nde kakuona zimenezi kanayamba kudandaula kuti koma dziko lino mitu sigwira eti, mafuta kukawatenga ku Dar es Salaam makilomita oposa 1,500 kuti afike ku Lilongwe pomwe Nacala ili apa ndipo njanji ilipo kale. Sindinakayankhe bwinobwino tsikulo, ndinali ndi tulo. Koma funso lake ndi labwino, kungoti yankho lake lili mu nkhondo imene iyeyo sanaione.

Tiyambire poti ife nyanja ya mchere tilibe. Chilichonse cholemera chimene timagula kunja, feteleza, mafuta, mchere, zitsulo, chimadutsa pabwalo pa munthu wina, ndipo fodya, tiyi ndi shuga wathu potuluka amadutsanso pomwepo. Azungu a Nyasaland vutoli analiona kalekale. Poyamba ankadalira masitima a pa madzi kuchokera ku Chinde kukwera Zambezi kulowa Shire, koma Shire madzi akachepa sitima imatitimira mu mchenga, nde anamanga njanji. Ya ku Port Herald, kumene pano timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, kenako anailumikiza mpaka ku Beira, ndipo mu 1935 anamaliza mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, chimlatho cha makilomita atatu ndi theka kuposa. Kwa zaka zambirimbiri khomo lathu linali limodzi lomwelo basi, Beira.

Kamuzu atatenga boma anaona kuti khomo limodzi silokwanira. Apa mpomwe anapanga zimene anzake a mu Africa sanamukhululukire. Mu 1967 anatsegula ubale wa ukazembe ndi South Africa ya tsankho, komanso ankagwirizana ndi Apwitikizi amene ankalamula Mozambique, mpaka mzungu wina wa bizinesi dzina lake Jorge Jardim anali woimira Malawi ku Beira. Ndalama za ngongole zochokera ku South Africa ndi zimene zinamangira njanji yochoka pa Nkaya kudutsa Liwonde mpaka Nayuchi, inatsegulidwa mu 1970, ndipo kuyambira pamenepo tinakhala ndi Nacala, doko lakuya loti sitima zikuluzikulu zimakocheza popanda kukumba mchenga ngati ku Beira. Kenako njanji ya ku Salima anaitalikitsa mpaka Lilongwe ndi Mchinji ndi thandizo la Canada. Papepala zinali bwino zedi, makomo awiri, onse aafupi, onse a njanji. Chimene sanachiwerengere nchoti makomo onse awiriwo ali mnyumba ya munthu mmodzi.

Mozambique inalandira ufulu pa 25 June 1975, Frelimo ya Samora Machel nkulowa mboma. Chaka chotsatira Machel anatseka malire ndi Rhodesia ya Ian Smith pothandiza omenyera ufulu a ku Zimbabwe, nde akazitape a Smith pobwezera anathandiza kukhazikitsa Renamo, aja makolo athu a mmalire amawatchula kuti Matsanga potengera dzina la mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa. Zimbabwe itamasuka mu 1980 gululi analitenga ndi a South Africa, nkulipatsa zida zambiri kuposa kale. Ndipo chandamale chachikulu chinali njanji, milatho, mapaipi a mafuta, mapolo a magetsi. Izi sizinali zangozi ayi. Mu April 1980 maiko 9 kuphatikizapo Malawi anakumana ku Lusaka nkupanga SADCC, cholinga chake chenicheni kunali kuchepetsa kudalira South Africa makamaka pa mayendedwe a katundu. Nde ukafuna kuti anthu amenewa abwererenso kudzagwada ku Durban umatani, umangophwanya njira zina zonse.

Ndi mmene zinakhaliradi. Njira ya ku Beira inafa cha mu 1983, ya ku Nacala inatsatira mu 1984, ndipo mlatho wa Dona Ana anauphulitsa mu 1986. Dziko limene pafupifupi katundu wake yense ankayenda pa njanji ziwirizi, mtunda wa makilomita 650 kapena 800 kuchokera ku Blantyre, linapezeka likutumiza fodya ku Durban pa mathiraki, mtunda woposa makilomita 2,000 ukadzera ku Tete, ndipo ku Tete kukavuta umazungulira ku Mchinji, Chipata, Lusaka, Chirundu, Harare mpaka Beitbridge. Taganizani thumba la feteleza kuyenda ulendo umenewo lisanafike kwa mlimi wa ku Thyolo. Ndalama zakunja zimene fodya ankabweretsa gawo lalikulu linkathera mmatayala ndi mu dizilo wa makampani a eni ake. Choseketsa chake, kapena tinene chomvetsa chisoni, nchoti amene ankatipweteka chonchi anali ana a mnzathu yemwe uja wa ku Pretoria amene anatikongoza ndalama za njanjiyo ndi za likulu la Lilongwe. Bwenzi lako likukumangira khomo ndi dzanja ili, dzanja linalo likupereka machesi kwa wootcha khomolo.

Malume anga ena, anatisiya kale, ankayendetsa thiraki nthawi imeneyo ndipo nkhani ya konvoyi ya ku Tete ankaikamba mpaka ife ana kuiloweza. Ankati mumagona pa boda ya Mwanza kudikira kuti mukwane, mmawa kuwolokera ku Zobue, asilikali a Zimbabwe kutsogolo ndi kumbuyo ndi zimagalimoto zawo zankhondo, ndiye lamulo linali limodzi, osaima. Tayala likaphulika umayendera limu, mkodzo ukakugwira botolo lilipo, mnzako galimoto ikamufera umamudutsa uku ukupemphera, mpaka kukafika ku Nyamapanda. Mmbali mwa msewu munali zigoba za mathiraki opsa, ena ankawazindikira kuti iyi inali ya uje. Ankati chimene chinkawaopsa kwambiri sichinali mfuti koma kachetechete wa mmidzi ya mmbali mwa msewu, nyumba zilipo, mango akupsa mmitengo, koma olo nkhuku imodzi osaiona. Anthu ake anali kwathu kuno. Othawa nkhondo anafika mpaka 1 miliyoni, ku Nsanje anachuluka kuposa eni mudzi, ndipo amene anakulira ku Dedza ndi Ntcheu amakumbuka misasa ili mbali ino ya msewu pomwe mbali inayo kuli mabwinja okhaokha.

Pamwamba pa zonsezi panabweranso mkangano wa ndale. A Frelimo ankanena kuti Malawi ikusunga ndi kudyetsa Matsanga, boma la Kamuzu linkakana, ndipo mphekesera zoti a Payoniya ankagwirizana nawo sizinathe mpaka lero. Mu September 1986 Machel, Kaunda ndi Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Ngwazi maso ndi maso, ndipo Machel atabwerera kwawo ananena poyera kuti atha kutseka malire ndi kuika mizinga moyang'ana kuno. Kwa dziko lopanda nyanja mawu amenewo ndi chingwe pakhosi. Patangotha mwezi umodzi, pa 19 October, Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini, ndipo ku Harare ndi ku Maputo achinyamata okwiya anakaphwanya maofesi a Malawi. Pofika December maiko awiriwa anasainirana mgwirizano wa chitetezo, ndipo kuyambira 1987 asilikali a Malawi Army anapita kukalondera njanji ya Nacala mkati mwa Mozambique. Ena anafera komweko. Iyi ndi nkhondo imene sitiikamba kwenikweni, mwina chifukwa inali yovuta kuifotokoza, asilikali athu kuomberana ndi gulu limene anthu ankati boma lathu lomwe likulithandiza.

Nde apa mpamene Dar es Salaam ikulowera. Kumbukirani kuti Kamuzu ndi Nyerere sankamwerana madzi. Nduna zimene zinathawa pa chisokonezo cha 1964, a Kanyama Chiume, a Yatuta Chisiza ndi anzawo, zinakabisala ku Tanzania, panalinso nkhani ya malire a pa nyanja ija imene mpaka pano sinathe, moti kwa zaka pafupifupi 20 pakati pa Karonga ndi Mbeya panalibe olo msewu wooneka. Koma njala ilibe manyazi. Chapakati pa ma 80 maboma awiriwa anayamba kuyankhulana, msewu wa ku Songwe unamangidwa, ndipo maiko opereka thandizo anaika ndalama pa njira imene anaitcha Northern Corridor. Pulani yake inali yokongola ndithu. Katundu atsike pa doko la Dar, akwere sitima ya TAZARA, njanji ija anamanga ma China kuti Zambia ipume ku nkhanza za Smith, atsike ku Mbeya, akwere thiraki mpaka Chilumba, akwere sitima ya pa nyanja mpaka Chipoka, kenako njanji kupita ku Blantyre kapena Lilongwe. Malawi inapatsidwa malo akeake osungira katundu ndi mafuta ku Dar ndi ku Mbeya, aja a Malawi Cargo Centre. Vuto lake mwaliona kale, kutsitsa ndi kukweza kanayi konse, paliponse pamafunika kireni yogwira ntchito ndi munthu woti asabe. Mapeto ake gawo la pa nyanja linazilala, amalonda anangoti bola thiraki imodzi kuchoka ku Dar mpaka pakhomo. Thanka ija ya pa Chiweta ndi mdzukulu wa pulani imeneyo.

Nkhondo inatha ndi mgwirizano wa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo munthu ungaganize kuti tinathamangira kukonza njanji zathu. Ayi ndithu. Ya ku Nacala inkayenda mokwawa makamaka chigawo cha pakati pa Cuamba ndi malire, ya kumwera madzi anaikokolola pa Chiromo mu 1997 nkungoisiya choncho, tchire kumera, anthu kuzula zitsulo kukapangira makasu ndi mbaula. Mu 1999 njanji inaperekedwa kwa kampani ya CEAR. Imene inadzaukitsa Nacala kwenikweni ndi kampani ya ku Brazil ya Vale, osati chifukwa chotikonda koma inkafuna njira yotulutsira malasha a ku Moatize, nde inamanga njanji yatsopano kudutsa ku Mwanza ndi Neno kukalumikiza pa Nkaya. Mukaima pa Liwonde muona zisitima zitalizitali za malasha zikudutsa usana ndi usiku, zathu zimalowa mmipata. Komanso tisanamizane, pa zaka zonsezi panamera anthu amphamvu amene chuma chawo chili mmathiraki, ndipo sitima ikamayenda bwino iwowo sagona tulo.

Bingu naye anayesa khomo lake, doko la ku Nsanje, kubwerera ku njira ya madzi ija ya azungu oyamba. Mu October 2010 anachita mwambo waukulu, Mugabe ndi Rupiah Banda alipo, anthu kudikira bwato loyamba la feteleza, koma a Mozambique analigwira mu Zambezi ati simunatipemphe bwino komanso kafukufuku wa zachilengedwe sanachitike. Phunziro lomwe lija, mtsinje ndi wako ukakhala kwanu, ukangodutsa boda ya Marka ndi wa eni. Chaka chotsatira tinaona mtundu wina wa chingwe. Kazembe wa Britain Fergus Cochrane-Dyet atathamangitsidwa mu April 2011 opereka thandizo anatseka mipopi, fodya sanagulidwe bwino, madola anasowa, ndipo tinagona pa mafiling'i sitesheni ndi zigubu njira zonse zili zotsegula, popanda olo chipolopolo chimodzi ku Tete. Za zionetsero za pa 20 July chaka chimenecho mukuzidziwa.

Kuchokera mu mavuto a mafuta a zaka zimenezo ndi mmene munabadwira NOCMA, kampani ya boma ya mafuta, ndi nkhokwe zake za mafuta, ku Kanengo, ku Matindi ndi ku Sonda ku Mzuzu, zonse pamodzi malita 60 miliyoni, zomangidwa ndi ngongole ya ku India. Maganizo ake ndi omwe aja a nkhokwe za chimanga za ku Kanengo zimene Kamuzu anamanga, kuti zikavuta kunja tikhale ndi popumira. Koma nkhokwe ndi chitini chabe ngati mulibe kanthu, ndipo za chimanga zija tinaziona mu 2001 atagulitsa chonse njala ya 2002 nkutipeza manja ali mkhosi. Dziko pano limamwa malita pafupifupi 1 miliyoni a petulo ndi enanso otero a dizilo pa tsiku, nde olo matanki onse atadzadza mpaka pakamwa ndi mwezi umodzi basi, ndipo kuti adzadze pamafunika madola amene fodya yekha sakuwakwanitsa.

Nde kamnyamata kaja kakanandifunsanso lero ndikanakauza kuti Nacala njotchipa inde ndipo tikuyenera kuigwiritsa ntchito kwambiri kuposa pano, mu 2024 sitima ya mafuta inafikanso ku Kanengo patatha zaka 21, ina yochokera ku Beira inafika pa Marka koyamba chiyambire 1983. Koma chaka chomwecho chisankho cha ku Mozambique chitavuta mu October, achinyamata atatseka misewu ndi kuotcha matayala, madalaivala athu anakhala masiku ali duu mmbali mwa msewu wa ku Beira kuopa kuotchedwa ndi katundu yemwe, ndipo matanka amene ankalowabe mosadodoma anali omwe aja a pa Songwe, kukwera Chiweta pang'onopang'ono ndi mzere wa magalimoto kumbuyo.