DNA Ikapinda, Jini Imawerengeka Mosiyana

Chithunzi cha DNA chimene ambiri tinachiona m'mabuku a kusekondale, cha zingwe ziwiri zopotana kulowera kumanja, chinachokera kwa James Watson ndi Francis Crick mu 1953, mothandizidwa ndi zithunzi za X-ray za Rosalind Franklin. Chithunzicho n'choona, koma m'selo lamoyo muli malo amene DNA imapinda mwanjira zina, ndipo ambiri mwa malowa ali pafupi ndi pamene selo limayambira kuwerenga jini.

Selo likafuna puloteni, limayamba lakopera uthenga wa jini kupita pa RNA, kachingwe kamodzi kofanana ndi DNA, ndipo ntchitoyi imagwiridwa ndi puloteni yotchedwa RNA polymerase, imene imalekanitsa zingwe ziwirizo n'kumayenda ikuwerenga zilembo A, T, G ndi C. Aliyense amene analowetsapo chala pakati pa chingwe cha khonje n'kuchikankhira kutsogolo amadziwa kuti kutsogoloko chingwe chimathina, pomwe kumbuyo chimalerera. Leroy Liu ndi James Wang anafotokoza mu 1987 kuti DNA imachitanso chimodzimodzi ikamawerengedwa, ndipo mbali yolererayo ndiyo imapata mpata wopinda mwachilendo. Pamene C ndi G zatsatana mosinthana, imatha kupotana kulowera kumanzere, mtundu wotchedwa Z-DNA umene gulu la Alexander Rich linauona ku yunivesite ya MIT ku America mu 1979.

Mapindidwe amene afufuzidwa kwambiri ndi G-quadruplex. Chingwe chimodzi chikakhala ndi G wambiri wondondozana, ma G anayi amagwirana n'kupanga kabwalo kafulati ka ngodya zinayi, timabwalo tiwiri kapena titatu timasanjikizana n'kukhala ngati mfundo yomangika pa chingwe, ndipo potaziyamu amakhala pakati n'kumalimbitsa mfundoyo. Malo otere alipo pafupi ndi poyambira jini ya MYC, imene imalamula selo kukula ndi kugawikana. Jini imeneyi ndi yomweyo imene imagwira ntchito mopitirira muyeso pa khansa ya Burkitt, yomwe imatupitsa nsagwada kapena mimba za ana ndipo ndi yodziwika m'zipatala za ku Malawi, ngakhale kuti pa khansayi chachikulu n'chakuti MYC imachoka pa kromozomu 8 n'kukalumikizika pamalo ena, kawirikawiri pa kromozomu 14.

Mu 2002, gulu la Laurence Hurley ku University of Arizona linasintha chilembo chimodzi kuti mfundo ya pa MYC isamangike, ndipo kuwerengedwa kwa jini kunakwera pafupifupi katatu. Litathira mankhwala olimbitsa mfundoyo, kuwerengedwako kunatsika. Ambiri anatenga zimenezi ngati umboni wakuti G-quadruplex ndi chotchinga basi, ndipo anayamba kufunafuna mankhwala a khansa oti azitseka MYC mwa njira imeneyi.

Zotsatira za ku yunivesite ya Cambridge ku England zinasokoneza maganizo amenewo. Gulu la Shankar Balasubramanian, limene mu 2013 linaonetsa mfundozi m'maselo a munthu, linapeza mu 2015 malo oposa 700,000 amene angathe kupinda motere DNA ikachotsedwa m'selo. Chaka chotsatira linapeza kuti m'maselo enieni opindadi ndi pafupifupi 10,000 okha, ndipo ambiri ali pachiyambi pa majini amene akuwerengedwa kwambiri, osati otsekedwa. Zadziwikanso kuti mapuloteni ena oyatsa majini amakonda kumamatira pa mfundozi. Apa m'pofunika kusamala, chifukwa kuwerenga kwenikweniko n'kumene kumalereretsa DNA, choncho kupeza mfundo pa jini yotanganidwa sikutiuza chimene chinayamba pakati pa mfundoyo ndi kuwerengako. Ine ndimaona kuti onse amene amati ndi chotchinga chokha, kapena choyatsira chokha, amalankhula mopitirira umboni; zimadalira chingwe chimene mfundoyo ili, mtunda wake kuchokera poyambira, ndi mapuloteni amene alipo m'selolo.

Pamene mapindidwe achilendo amavulaza mosakayikitsa ndi pa matenda a Friedreich ataxia, amene kawirikawiri amayamba paubwana kapena paunyamata, munthu n'kumayenda mwadzandidzandi, kenako mtima n'kuyamba kuvuta. Mu 1996 zinadziwika kuti gwero lake ndi zilembo GAA zobwerezedwa m'kati mwa jini ya FXN pa kromozomu 9. Munthu wabwinobwino amakhala nazo kosapitirira pafupifupi 33, pomwe wodwala amakhala nazo mazanamazana, nthawi zina kuposa 1,000, pa makope onse awiri, la kwa mayi ndi la kwa bambo. Chodabwitsa n'chakuti zilembozi zili pambali imene silowa n'komwe mu puloteni, moti frataxin, puloteni yochokera ku jiniyi, imene yapangidwa imakhala yabwino, koma yochepa kwambiri. Mzere wautali wa GAA umatha kupinda n'kukhala wa zingwe zitatu, komanso RNA yongopangidwa kumene imamatirira pa DNA m'malo mochokapo, ndiye polymerase imakakamira panjira, selo n'kukulunga dera lonselo mothina. Omaveloxolone, mankhwala oyamba a matendawa amene bungwe la FDA ku America linavomereza mu 2023, amathandiza maselo kupirira kuchepa kwa frataxin, koma sakhudza mzere wa GAA.