Lamulo lomwe neural network imaphunzirira: mafunso ndi mayankho kwa ophunzira za kaganizidwe ka munthu

Kodi izi si za akatswiri a makompyuta okha?

Ayi. Neural network ndi pulogalamu yokhala ndi timagawo tambirimbiri tolumikizana, motengera mmene maselo a muubongo amapatsirana mauthenga. Kulumikizana kulikonse kuli ndi nambala yosonyeza mphamvu yake, ndipo tikamati netiweki yaphunzira, ndiye kuti manambalawa asintha, basi. Donald Hebb, yemwe mu 1949 ananena kuti maselo ogwira ntchito limodzi amalimbitsa kulumikizana kwawo, anali katswiri wa zamaganizo. Chimodzimodzinso Frank Rosenblatt, yemwe anapanga perceptron, netiweki yophweka yotha kuphunzira, mu 1958.

Lamulo lakelo limati chiyani?

Limati: yerekeza yankho, uone kuti waphonya motani, kenaka ukonze pang'ono. Tengani pepala muyesere. Mphamvu ya kulumikizana ikhale 0.2, uthenga wolowa ukhale 1, ndipo yankho lofunika likhalenso 1. Netiweki itulutsa 0.2 (mphamvu kuchulukitsa ndi uthenga), ndiye kuti yaperewera ndi 0.8. Ngati liwiro la kuphunzira mwaliika pa 0.1, mphamvu ija ikwera ndi 0.08 (0.1 kuchulukitsa ndi 0.8) n'kufika pa 0.28. Ulendo wachiwiri iperewera ndi 0.72, choncho ikwera ndi 0.072 yokha. Mwaona? Poyamba imathamanga, kenaka imayamba kukwawa, chifukwa kuphonya kukunka kuchepa.

Nanga nyama kapena munthu amaphunziradi choncho?

Apa mpamene nkhani ikomera. Mu 1972, Robert Rescorla ndi Allan Wagner anapereka lamulo lofanana kwambiri ndi limeneli pofotokoza mmene nyama zimaphunzirira kuti chakuti chikachitika, chakuti chikubwera. Leon Kamin anali ataona kale zodabwitsa pa makoswe. Khoswe akazolowera kuti phokoso limatsogolera kugwidwa ndi magetsi, inu n'kuwonjezera kuwala pamodzi ndi phokosolo, khosweyo saphunzira zambiri za kuwalako. Lamulo lija likufotokoza chifukwa chake: phokoso laneneratu zonse, palibe chophonya, ndiye palibenso chokonza. Woyamba kumene ndingamuuze kuti apange chitsanzo ichi asanakhudze china chilichonse.

Backpropagation ndiye chiyani?

Ndi lamulo lomwelo, koma la netiweki yokhala ndi timagawo tobisika pakati. Mu 1969, Marvin Minsky ndi Seymour Papert anaonetsa kuti perceptron wamba sangathe ngakhale kafunso kakang'ono kotchedwa XOR, komwe yankho limakhala inde pokhapokha chimodzi chokha mwa zinthu ziwiri chili choona. Mu 1986, David Rumelhart, Geoffrey Hinton ndi Ronald Williams anatchukitsa backpropagation, njira yobwezera cholakwa m'mbuyo kudzera m'timagawo tobisika, kuti kulumikizana kulikonse kusenze gawo lake la mlandu.

Netiweki yanga ikakhoza zonse, ndiye kuti ndafotokoza ubongo?

Musapupulume. Wofufuza za maganizo safuna makina okhoza okha, amafuna makina olakwitsa monga mmene munthu amalakwitsira. Ana ophunzira Chingelezi amayamba kunena "went" molondola, kenaka n'kumati "goed", n'kudzabwereranso ku "went". Rumelhart ndi James McClelland anapanga netiweki mu 1986 yomwe inaonetsa kubwerera m'mbuyo kotereku popanda kuiuza malamulo a galamala. Koma mu 1988, Steven Pinker ndi Alan Prince anatsutsa, nati mwa zina, zimenezi zinachitika chifukwa netiwekiyo inayamba ndi mawu ochepa n'kudzaunjikiridwa ambiri mwadzidzidzi. Phunziro lake n'lakuti zimene mwaidyetsa netiweki, ndi ndondomeko yomwe mwaidyetsera, ndi mbali ya zomwe mukunena za munthu.

Palinso kuiwala. Michael McCloskey ndi Neal Cohen anaonetsa mu 1989 kuti netiweki ikaphunzira zatsopano imatha kufufutiratu zakale, pomwe munthu saiwala motero. Kulephera kumeneku kunathandiza: mu 1995, McClelland, Bruce McNaughton ndi Randall O'Reilly anafotokoza kuti mwina n'chifukwa chake ubongo uli ndi chigawo chotchedwa hippocampus chogwira zinthu msanga, ndi chigawo china chophunzira pang'onopang'ono.

Ndiyambire pati, poti masamu sindimawadziwa kwenikweni?

Kuchulukitsa ndi kuphatikiza kukukwanirani pa masabata oyamba, aljebra ndi calculus muzitola pamene zafunika. Phunzirani Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndi NumPy, chida chake chowerengera manambala, ndipo netiweki yoyamba muilembe nokha mzere ndi mzere musanathamangire PyTorch, chida chomwe chimakuchitirani zambiri chokha. Ikhale yaing'ono moti mungathe kuyang'ana nambala iliyonse. Muziithamangitsa kangapo, chifukwa manambala oyambira amasankhidwa mwachisawawa ndipo zotsatira za ulendo umodzi zingakunamizeni. Ikayamba kukhoza, dulani timagawo tina muone zomwe zisokonekere, n'kuyerekeza ndi zomwe zimachitikira anthu ovulala ubongo.