Mukufuna meshi yosalala? Musapemphe kuti tikukokeni

Pempho limene ndimalimva kwambiri mu saluni yanga ku Mufakose, mumzinda wa Harare, ndi lakuti, "Asisi, mukoke ndithu kuti zikhalitse." Ambirife tinakula tikukhulupirira kuti tsitsi lolukidwa bwino ndi lija lokulepheretsa kugona tsiku loyamba, nsidze zitakwera m'mwamba, Panado ali pambali. Ine pempho limeneli ndimalikana, ngakhale kasitomala akwiye. Kukoka kumanamiza maso kwa masiku atatu kapena anayi basi. Tsitsi limasalala chifukwa cha mmene lakonzedwera lisanalukidwe, kuwongoka kwa mizere, ndiponso dzanja la woluka likakhala losasinthasintha kuchokera kutsinde mpaka kunsonga.

Tiyambire pa kutsuka, chifukwa ntchito zambiri zimawonongekera pamenepo. Tsitsi lililonse lakutidwa ndi timamba tating'onoting'ono ngati ta nsomba. Timambati tikagona, tsitsi limaterera ndipo limawala. Tikadzuka, limakhakhala, limakolana, ndipo mukaliluka timatsitsi timasomphoka m'mbali monse. Sopo wochapira zovala, wamtanda uja, amatidzutsa kwambiri. Madzi a mijigo ina imene timatungako kuno nawonso ali ndi vuto lake: mukaona kuti sopo akuvuta kuchita thovu ndipo m'ketulo mukukhala zoyera zomata, dziwani kuti zomwezo zikutsaliranso m'mutu. Tsukani ndi shampu, pakani kondishona n'kulipesa lidakali lonyowa, kuyambira kunsonga kubwerera kutsinde. Potsukuluza komaliza thirani masupuni awiri a viniga mu lita imodzi ya madzi. Fungo lake limatha tsitsi likauma.

Kenako liwongoledwe. Tsitsi lathu ndi lopotana ndipo likanyowa limafupika, choncho mukaliluka lili chofupikira, limayamba kubwerera mwakale lili m'kati mwa meshi, n'kumatukumula chingwe chonse. Dulaya ikhoza kuthandiza, koma isatenthe kwambiri. Magetsi akathima palibe chodandaula: limangeni ndi ulusi madzulo, mabhanzi aja, mugone nalo, mawa mudzalimasula litawongoka popanda moto. Kunena zoona njira ya agogo athuyi ndimaikonda kuposa dulaya. Nsonga zogawanika zidulidwe tsiku lomwelo, chifukwa ndi zimene zimayamba kutuluka pakati pa chingwe. Mafuta pakani pang'ono. Wina amabwera mutu uli noninoni ndi Vaseline poganiza kuti akundithandiza, koma tsitsi loterera limapulumuka m'zala, ndipo woluka likamamupulumuka amayamba kukoka.

Meshi nayo imafuna kukonzedwa. Yambiri imene timagula m'mashopu a m'tauni, ku Gulf Complex ndi cha ku Copacabana, kaya ndi X-pression, Darling kapena mitundu ina, ndi ulusi wopangidwa kufakitale. Wotchuka kwambiri ndi Kanekalon, umene kampani ya Kaneka ya ku Japan inayamba kupanga mu 1957. Ngati mutu wanu umayabwa kapena kutuluka tiziphuphu mukangoluka, mwina wolakwa ndi mankhwala amene amakutira ulusiwo. Dzulo lake, iviikeni meshiyo m'beseni la madzi ofunda mutathiramo kapu ya viniga, ikhalemo mphindi 15 kapena 20 osaimasula pomwe anaimanga. Mudzaona zoyererera zikuyandama. Itsukuluzeni, muyanike pamthunzi. Ngati munagula ya nsonga zodulidwa mofanana, iyenera kusololedwa pang'onopang'ono kuti nsonga zisiyane kutalika, apo ayi chingwe chimathera chibuntha ndipo chimamasuka. Masiku ano iliko yosololeratu, ndipo ndalama yowonjezerayo siipita pachabe.

Pa mtundu, manambala a papaketi ali ndi ntchito: 1 ndi yakuda bii, 1B ndi yakuda mwachibadwa, 2 ndi 4 zimapita kofiirira, 27 ndi 30 ndi zowala, 613 ndi yoyera ija. Mtundu ukatalikirana ndi tsitsi lanu, katsitsi kalikonse kotuluka kamaonekera patali. Amene akufuna 27 pa tsitsi lakuda adziwiretu kuti pakatha milungu iwiri zidzaoneka zakale kuposa za mnzake amene anasankha 1B, ngakhale woluka ali mmodzi.

Tsopano mizere. Munthu akamati "aluka bwino," kawirikawiri maso ake aona mizere, osati zingwe. Pamafunika chipeso cha kamchira kosongoka, kuwala kokwanira, ndi kuleza mtima kobwereza mzere kawiri katatu mpaka pasapezeke tsitsi la mbali ino lowolokera mbali inayo. Katsitsi kamodzi kowoloka ndi kamene kamakuthyolani khosi ndi ululu mukamatembenuka, komanso ndi kamene kamayamba kuduka. Pa wani-wani, chingwe cha mzere wa pamwamba chigwere pakati pa ziwiri za mzere wa m'munsi, kuti khungu lisaonekere ndipo mutu udzaze popanda kuwonjezera mapaketi. Pa freehand ndi carrot mzere ndiye zonse, palibe pobisala.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, pa zala. Chingwe chimalukidwa ndi magawo atatu, ndipo atatuwo ayenera kulingana kukula kuchokera pamwamba mpaka pansi. Gawo limodzi likachepa, chingwe chimayamba kupotoka, chimaoneka chamabampu, kwina chonenepa kwina chowonda. Woluka wodziwa amamva m'zala kuti gawo ili laonda, n'kubwereka pang'ono ku linzake asanapitirire. Amapesanso gawo lililonse ndi chala akamatsika kuti nsonga zisakolane m'munsi. Chinanso chimene makasitomala sachiona ndi kubisa tsitsi lanu. Likagawidwa m'magawo atatu aja, liyenera kukhala kunsi kwa meshi, meshiyo ikhale pamwamba kulikuta. Pofika pamene tsitsi lanu likuthera, woluka amapaka kajelo pa chala, kugoneka nsongazo, n'kufupikitsa kalukidwe kwa masentimita angapo kuti zigwidwe. Akapadutsa mothamanga pamenepa, ndi pomwe pamatuluka kangayaye pakati pa chingwe pakangotha sabata.

Kugwira mwamphamvu ndi kukoka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mphamvu iyenera kukhala pakati pa zala ndi chingwe, kuti maluko athinane okhaokha. Pakhungu sipafunika mphamvu. Mukhoza kuyesa nokha chingwe choyamba chikangotha: chinyamuleni, muchigonekere kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali. Chikamayenda popanda kukupwetekani, zili bwino. Khungu likamatukuka nacho limodzi, kapena mukaona timadontho toyera patsinde, nenani pomwepo kuti, "Asisi, apa mwandikoka, tamasulani." Musachite manyazi. Mutu ndi wanu, ndalamanso ndi zanu. Ndi chifukwa chake ndimalimbikitsa knotless, imene timayamba ndi tsitsi lanu lenileni n'kumalowetsa meshi pang'onopang'ono. Imagona bwino pamutu, ilibe mfundo patsinde, ndi yopepuka. Kuipa kwake imatenga nthawi yaitali, imadula, ndipo patsinde pamafulumira kunyankhalala kuposa ya mfundo. Zimenezi ndimamuuziratu munthu asanakhale pampando.

Mwina mwaonapo m'masaluni a m'tauni atsikana awiri kapena atatu atazungulira mutu umodzi kuti ntchito ithe msanga kombi zisanavute. Sindikuwanyoza, tonse tikusaka ya ndiwo. Koma dzanja la munthu ndi la munthu: wina amathinitsa, wina amatayirira, wina amapotokera kumanzere. Ngati mwavomera kulukidwa ndi anthu angapo, pemphani kuti mmodzi yekha adule mizere ndi kuyamba matsinde onse, enawo azingotsitsa. Ndipo pitani m'mawa. Zala zimene zaluka mitu iwiri kale sizikhala zomwezo pofika 5 koloko madzulo.

Za jelo sindichulutsa. Pang'ono patsinde ndi pansonga za tsitsi lanu, basi. Wochuluka amawala tsiku loyamba, pakapita masiku amauma n'kusanduka zoyera zonga mfundu, fumbi n'kumakakamira pomwepo.

Chimene chimandichititsa kuumirira pa nkhani ya kukoka ndi zipumi zimene ndimaziona. Amayi a zaka 30 tsitsi la m'mbali mwa mphumi linathawira kumbuyo, akuliphimba ndi wigi kapena kulidetsa ndi pensulo. Madokotala a khungu vutoli amalidziwa bwino. Dokotala Nonhlanhla Khumalo ndi anzake atafufuza ku Langa, mumzinda wa Cape Town, anafalitsa mu 2007 kuti amayi pafupifupi 32 pa 100 alionse ndi atsikana a sukulu 17 pa 100 alionse anali ndi kuthothoka kobwera ndi kukoka. Anapezanso kuti zimanyanya pamene meshi yalukidwa pa tsitsi lothira mankhwala owongola. Poyamba tsitsi limameranso mukasiya kulikoka. Zikapitirira zaka, timabowo tomerera tsitsi timatsekeka ndi zipsera, ndipo palibe mafuta a mu botolo lililonse amene angalibwezere. Choncho timatsitsi tofewa ta kutsogolo tisiyeni, tisalowe m'chingwe. Kagawo kakang'ono ka tsitsi kasasenzetsedwe meshi yolemera kuposa iko komwe. Ngati mwathira relaxer, mankhwala owongola aja, papite milungu iwiri kapena kuposerapo musanaluke. Ndipo inu amayi amene mumabweretsa ana sukulu zikamatsegulira mu Januwale, Meyi ndi Seputembala, mwana akamalira pampando si kuti ndi wopusa. Mizere ya mwana ndi bwino kuibwereza pakatha milungu iwiri kusiyana n'kuithinitsa kuti ithe teremu.

Kuluka kukatha, pamatsala kumalizitsa. Timadula timaulusi toimirira ndi sizasi, koma kuyambira m'munsi mwa pamene tsitsi lanu lathera. Kumtunda kwake chotulukacho ndi tsitsi lanu, ndipo mukalidula mudzalira pomasula. Ena amayendetsa kandulo kapena laita m'zingwe. Ine ayi: pulasitiki imasungunuka n'kusiya timibulu tokanda khosi ndi kukola majuzi, osanenanso za ngozi ya moto. Madzi otentha ndiwo amagwira ntchito. Ulusiwu ukatenthedwa umafewa n'kukhazikika mmene mwaugonekera, ndiye tikaviika nsonga m'jagi la madzi ongophulidwa kumene kwa masekondi ochepa, zimawongoka, zimatsekeka, ndipo kuuma kwa meshi yatsopano kumatha. Kasitomala akhale ataweramira kumbuyo, thaulo lochindikala lili paphewa, lina lili m'manja mwa woluka lolandirira zingwe zikamatuluka, ana ali kutali, zenera lili lotsegula chifukwa nthunzi yake si yabwino kuipuma. Pamwamba pamene sitingaviike timagonekapo thaulo loviika m'madzi otentha, lofinyidwa bwino. Pomaliza timapaka mousse, mankhwala athovu ogonekera tsitsi, n'kumanga duku mothina pang'ono kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti ziume zitagona. Ambiri amathamangira kukajambulitsa duku lisanagwire ntchito yake.

Mukafika kunyumba, nyengo ya Harare imayamba mbali yake. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya umakhala wouma kwambiri. Tsitsi louma limaduka n'kusomphoka. Ikani madzi m'kabotolo kopopera, muthiremo kondishona pang'ono, muzipopera patsinde kawiri kapena katatu pa sabata, kenako kamafuta kopepuka pa chala m'mizere. Mphepo ya Ogasiti ikayamba, valani duku mukamapita kumsika wa Mbare Musika kapena kulikonse kwa fumbi. Zipewa zaubweya za mu Juni zimakwecha tsitsi, choncho muziyamba mwamanga kansalu koterera m'kati. Usiku ndi chimodzimodzi: duku la satini, osati chitenje, chifukwa thonje limamwa chinyezi ndipo limadzutsa timatsitsi mukamagubuduka. Mu Okutobala vuto limakhala thukuta, ndipo pamenepo kutsuka sikuzembeka. Sungunulani shampu m'madzi, muthire m'mizere, musisite ndi nsonga za zala motsata mzere, thovu litsike lokha m'zingwe osazifikisa. Tsukani m'mawa kuti ziume ndi dzuwa. Meshi yogona yonyowa imanunkha chuku, ndipo kulemera kwa madzi kumakoka matsinde.

Ngakhale musamale chotani, tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndiye patsinde padzayamba kutayirira. Umenewo si ulesi wa woluka. Pakatha milungu itatu kapena inayi, bwerani timasule mizere iwiri ya kutsogolo ndi ya kunkhongo, tiilukenso. Ndi ntchito ya ola limodzi kapena awiri, ndipo mutu wonse umaoneka watsopano. Musamalipotokole tsinde lotayiriralo kuti lithine, mukulidula. Kumangirira zingwe zonse pamwamba tsiku ndi tsiku nakonso kumatha tsitsi la kutsogolo, muzizisiya zigwe masiku ena.

Meshi isapitirire milungu 8 ili m'mutu, ndipo kwa tsitsi lofewa 6 yakwana. Munthu amathothoka tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku, ndipo lonselo limakhala litatsekeredwa m'chingwe, litasakanikirana ndi mafuta ndi fumbi patsinde. Choncho mukamamasula musadabwe kuona mpira wa tsitsi m'manja. Chofunika n'chakuti musathire madzi musanachotse kamfundo ka litsiro kali patsinde lililonse: kapakeni mafuta, kaphwanyeni ndi zala, mupese gawolo, kenako mupite pa lina. Mukathamangira kubafa musanatero, tsitsi limamangana mfundo zoti sizasi yokha ndiyo ingathe. Mukatsuka, lipumitseni sabata imodzi kapena ziwiri musanabwerenso kudzaluka.