Kufanana mphamvu sikupambanitsa ligi

Ndatopa nawo mawu omwe masapota akhala akubwereza kwa zaka zambiri, akuti timu ikangopewa kugonja, ngakhale izingofanana mphamvu, chikho cha ligi ndi chake.

Maganizo amenewa anali ndi nzeru kale, pomwe kupambana kunkapereka mapointi 2 ndipo kufanana mphamvu pointi 1. Nthawi imeneyo kulepherana kawiri kunali ngati kupambana kamodzi. Koma ku England anasintha mu 1981 kuti wopambana azitenga mapointi 3, ndipo m'zaka za m'ma 1990 maiko ambiri anatsatira.

Taonani masewero atatu okha. Timu yofanana mphamvu katatu sinagonje, komatu ili ndi mapointi 3 basi. Inzake yapambana kawiri, yagonja kamodzi, ili ndi 6. Choncho kulepherana kulikonse ndi kutaya mapointi 2, ngakhale pointi ya koyenda nthawi zina imakhala yamtengo wapatali.

Mutha kudziwonera nokha. Tengani m'ndandanda wa ligi wa nyengo yomwe inatha, muchulukitse masewero opambana ndi 3, muphatikize ofanana mphamvu, kenaka muone yemwe anathera pamwamba. Chonde abale, musatumizire anzanu pa WhatsApp nkhani ngati imeneyi musanawerengere nokha.