GHRH: Homoni yodzutsa kukula, ndi malire a ntchito yake

Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa kotchedwa pituitary. Homoni yokulitsa thupi imachokera m'menemo, koma kachiwaloka sikatulutsa pakufuna kwake. Kamadikira uthenga wochokera pamwamba pake, ku gawo la ubongo lotchedwa hypothalamus, ndipo uthengawo ndiye GHRH, kaunyolo ka ma amino acid (tizidutswa tomanga mapuloteni) 44. Palinso somatostatin, yomwe ntchito yake ndi kuletsa. Chifukwa cha kukokerana kwa ziwirizi, homoni yokulitsa imatuluka mwa apo ndi apo, makamaka munthu akagona tulo tofa nato. Ikafika kuchiwindi imapangitsa IGF-1, yomwe imatalikitsa mafupa a mwana. GHRH inapezeka mu 1982 m'zotupa za m'kapamba za odwala amene manja, mapazi ndi nsagwada zinkangokulirakulira. Anaipeza ndi magulu a Roger Guillemin ndi Wylie Vale.

Gwirani mfundo iyi: GHRH payokha sikulitsa munthu. Imangogogoda pakhomo la pituitary. Ngati kachiwaloko kanawonongeka ndi chotupa kapena opaleshoni, palibe woyankha.

N'chifukwa chake imathandiza poyeza ngati pituitary ikugwira ntchito. Wodwala amabwera m'mawa asanadye kanthu. Amamubaya GHRH mumtsempha, microgram 1 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, n'kumuika diripi ya amino acid yotchedwa arginine, theka la galamu pa kilogalamu osapitirira magalamu 30, kwa mphindi 30. Arginine imatontholetsa somatostatin. Magazi amatengedwa kangapo kuti aone pamene homoni yafika. Nkhope imatentha n'kufiira kwa kanthawi, musachite mantha. Munthu wonenepa amatulutsa homoni yochepa ngakhale ali bwinobwino, choncho mulingo wa homoni umene amayembekezera kupeza m'magazi ake umatsitsidwa. Ndipo amene vuto lili ku hypothalamus, monga wowotchedwa kansa ya m'mutu, zotsatira zake zikhoza kuoneka zabwino chonsecho akudwala, poti tampatsa tokha uthenga umene ubongo wake sutumiza.

Kwa ana kunali sermorelin, zidutswa 29 zoyambirira za GHRH, koma kampani yake inasiya kuipanga mu 2008. Mwana wosowadi homoni lero amabayidwa homoni yokulitsa yeniyeniyo. Makolo a ku Mbare, Mufakose kapena Mabvuku mumzinda wa Harare, kuno ku Zimbabwe, mwana akapinimbira yambani ndi khadi la kusikelo. Ana ambiri amafupika chifukwa cha chakudya chosakwana, matenda okhalitsa kapena mtundu wa kwawo, ndipo jakisoni sakonza zimenezo.

Pamene GHRH ikutikhudza kwambiri kuno ndi pa nkhani ya ma ARV. Ena amene anamwa mankhwala akale, monga stavudine, thupi lawo linasintha: masaya kulowa, miyendo kuonda mpaka mitsempha kuonekera, mimba kutuluka. Mukatsina mimbayo mumagwira khungu lopyapyala, chifukwa mafuta ali m'kati, ozinga matumbo ndi chiwindi. Mafuta amenewa ndiwo amayenda limodzi ndi shuga ndi matenda a mtima, ndipo manyazi amene amabweretsa amafooketsa ena kumwa mankhwala awo. Nkhaniyi siyoipeputsa.

Mu 2010 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza tesamorelin, GHRH yokonzedwa kuti isasweke msanga m'magazi, yochepetsera mafuta a m'mimba amenewa. Poyamba inkabayidwa mamiligalamu 2 tsiku lililonse pansi pa khungu la pamimba, posinthasintha malo. M'kafukufuku, mafuta a m'kati anachepa ndi pafupifupi 15 peresenti m'masabata 26. Sikelo siisintha kwenikweni, masaya sabwerera, ndipo mukasiya kubaya mafuta amabwereranso. Ena amamva kuphwanya m'mfundo, kutupa mapazi, dzanzi m'manja kapena kuyabwa pobayapo. Shuga akhoza kukwera, choncho ayezedwe musanayambe komanso pamene mukubaya, pamodzi ndi IGF-1. Mayi woyembekezera, wodwala kansa, ndi amene pituitary yake inachitidwa opaleshoni asaiyandikire. Ndi yodulanso kwambiri.

Mimba yotuluka si mafuta nthawi zonse. Akhoza kukhala madzi a matenda a chiwindi kapena TB ya m'mimba. Pitani kukiliniki kumene mumalandirira mankhwala akakupimeni, akaona kofunika akutumizeni kwa akatswiri kuchipatala chachikulu cha Parirenyatwa. Ma ARV musawasiye nokha.

Tikuchenjezenso za timabotolo ta sermorelin ndi CJC-1295 (mankhwala ena otsanzira GHRH) togulitsidwa pa intaneti, ati timamanga minofu ndi kubweza unyamata. Umboni wokwanira palibe, ndipo simudziwa kuti muli chiyani kapena ngati ndi toyera. Mankhwala ogulitsidwa m'dziko muno amayenera kulembetsedwa ku MCAZ, bungwe loyang'anira mankhwala, ndipo wa kufamase angakuuzeni ngati analembetsedwadi. Wamasewera akapezeka ndi sermorelin kapena CJC-1295 m'thupi amaletsedwa kupikisana, chifukwa mankhwalawa ali pa mndandanda wa zoletsedwa wa WADA, bungwe lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera.