Mpeni wa kumfuti sunathe ntchito, koma si ntchito imene mukuiganizayo

Ndaphunzitsa asilikali kagwiridwe ka mfuti kwa zaka zambiri, ndipo pali funso limene landitopetsa. Munthu amati, "Masiku ano kuli ndege zopanda woyendetsa, kuli mfuti zolavula zipolopolo ngati matalala, nanga kampeni ka kumfuti n'kachiyaninso?" Ena amafunsa akuseka. Enanso, amene akhuta mafilimu, amaganiza kuti msilikali weniweni amakhalira kubaya anthu. Onsewa akulakwitsa pamalo amodzi, chifukwa akuyeza bayoneti, mpeni wa kumfutiwu, powerenga anthu amene yapha.

Kale ntchito yake inali yosachita kufunsa. Mfuti za m'zaka za m'ma 1600 zinkawombera kamodzi, kenako munthu n'kuyamba kuthira wonga, adani okwera pamahatchi ali pafupi. Mpeni woyamba ankachita kuutsomeka m'kamwa mwa mfuti, ndiye ukautsomeka suwomberanso. Mu 1689 ku Killiecrankie, m'dziko la Scotland, asilikali a boma anapezeredwa ndi adani akulimbana n'kutsomeka mipeniyo, ndipo anagonja. Pambuyo pake m'pamene anafalikira mabayoneti okoleka m'mbali, osatseka njira ya chipolopolo.

Lero mfuti ngati AK-47 imanyamula zipolopolo 30 m'magazini imodzi, ndipo palibe mphunzitsi wanzeru amene angauze mwana wake kuti asiye kuwombera akathamangitse mdani ndi mpeni. Mu 2010 gulu lankhondo lapamtunda la America linachotsa maphunziro obaya ndi bayoneti pa maphunziro oyambirira, kuti nthawiyo ipite ku zina. Sindikuwanyoza. Koma anzawo a US Marine Corps akuphunzitsabe, asilikali a Britain chimodzimodzi, ndipo ali ndi chifukwa.

Usiku wa pa 13 June 1982, pa nkhondo ya ku Falklands, gulu la asilikali a Britain la Scots Guards linakwera phiri la Tumbledown mabayoneti ali kumfuti, mumdima, pakati pa matanthwe, asilikali a Argentina ali m'maenje awo. Mu May 2004 asilikali a Britain anachitanso zomwezo ku Iraq, kufupi ndi Al Amara, atagwera mumsampha pamsewu. Mu 2011 ku Afghanistan, Kopolo Sean Jones wa ku Britain anatsogolera anzake kudutsa pamtetete mamita pafupifupi 80 atakoleka mabayoneti, ndipo anapatsidwa mendulo ya Military Cross. Taonani chimene chikufanana. Mdani ali pafupi, wabisala poti chipolopolo sichikumupeza, ndipo kukhala pamalo omwewo ndi imfa. Wina ayenera kudzuka.

Kudzukako ndiye nkhani yonse. Munthu amene wagona chafufumimba zipolopolo zikulira pamwamba pake, thupi limakana kunyamuka. Lamulo loti "kolekani mabayoneti" limamuuza, popanda kuchulukitsa mawu, kuti tikupita kutsogolo ndipo sitikaimira panjira. Wa tsidya linalo akaona chitsulo chikubwera amazindikiranso zomwezo, ndipo nthawi zambiri amathawa kapena kukweza manja asanakhudzidwe n'komwe. Wokweza manjayo sakhudzidwa. Mapangano a ku Geneva a 1949 amateteza mkaidi wa pankhondo, ndipo msilikali amene sadziwa poimira sindimuwerengera kuti waphunzira. Kuwonjezera apo, mfuti imatha kukanirira ikalowa mchenga, zipolopolo zimatha, koma chitsulo sichikanirira. Msilikali wolondera akaidi kapena chipata amadziwanso kuti munthu sathamangira kugwira mfuti yokhala ndi mpeni kutsogolo.

Masiku ambiri bayoneti ndi chida chogwirira ntchito basi. Ya mfuti ya AKM, imene inabwera mu 1959, ili ndi kabowo pachitsulo kolowetsa kachitsulo ka pachimake, ziwirizo n'kukhala ngati sizasi yodulira waya. Ya ku America yotchedwa M9, ya mu 1986, inatengera nzeru yomweyo. Zovuta zake ziliponso: imatalikitsa mfuti m'galimoto ndi m'zipinda zopanikiza, ndipo kulemera kwake kukamwa kwa mfuti kumatha kusuntha pamene chipolopolo chikagwere. N'chifukwa chake simuona asilikali akuyenda nayo ili yokoleka tsiku lonse. Ndipo chonde, kangalande kamene mumakaona pachitsulo ka mabayoneti ena si kotulutsira magazi ayi. Kamapeputsa chitsulo popanda kuchifooketsa.

Koma chimene chimandisowetsa tulo si nkhondo za kutali. Ndi mnyamata mmodzi amene ndinkamuphunzitsa.

Tsiku lina madzulo, potsuka zida, iye ndi anzake anayamba kuyeserera zimene anaonera pafoni. Wina anatsetsereka, nsonga n'kumulowa mnyamatayu m'munsi mwa mimba chakumbali. Kabala kake kanali koti chala chimodzi chikanakatseka, magazi ochepa. Anaopa kuti akanena achotsedwa pa maphunziro. Anamanga kansalu, ndipo mnzake wina, amene ankadzitcha wodziwa mankhwala, anamupatsa mapilitsi opha ululu ndi ufa wothira pabalapo. M'mawa pa perete ndinamuona akuyenda chowerama. Ndinamufunsa, iye anati, "Ndi m'mimba chabe, bwana, mutha." Ndinavomera. Sindinamuuze kuti akweze malaya. Tsiku lachitatu thupi linali moto, akusanza, mimba itauma gwa ngati thabwa. Nsonga ija inali itaboola thumbo, ndipo zonyansa zinakhala zikutayikira m'kati masiku onsewo. Madokotala anamupulumutsa, koma anachita kumung'amba kangapo, ndipo usilikali unathera pomwepo. Anali ndi mkono wabwino pamfuti mnyamata ameneyo. Mpaka lero ndimaona mmene anaimira m'mawa uja, dzanja lili m'chiuno.

Ndiye mverani. Bala lobayidwa limanama. Pakhungu limaoneka laling'ono, koma palibe amene angadziwe ndi maso kuti lafika pati. Munthu akabayidwa m'mimba, pachifuwa, pakhosi, kumsana kapena m'ntchafu, apite kuchipatala chimene amachita opaleshoni nthawi yomweyo, ngakhale akuyenda yekha ndiponso akukamba nkhani. Magazi amatha kumatayikira m'kati kunja kuli kouma. Chitsulo chikatsalira m'thupi musachizule, chifukwa mwina ndicho chatseka mtsempha. Chichirikizeni ndi nsalu kuti chisagwedezeke. Ngati chatuluka kale, kanikizani pabalapo ndi nsalu yoyera ndipo musasiye mpaka mwafika. Wobayidwa m'mimba musamupatse chakudya kapena chakumwa. Musapise chala kuti muone kuya kwake, musathiremo ufa, phulusa kapena zitsamba, ndipo musalole munthu wongodziwa kugwira singano kuti asoke pamwamba, chifukwa akutsekera matenda m'kati. Mapilitsi opha ululu amangobisa chimene dokotala akufuna kuona. Ngakhale bala la padzanja lifunika kuonedwa, pakuti chitsulo chimene chakhala chikukumba dothi chimatha kulowetsa kafumbata.

Amandikwiyitsanso ndi aja odzitcha akatswiri pa intaneti, ophunzitsa kuponya bayoneti pamtengo ndi kuizunguza m'manja. Bayoneti saponya. Ukaiponya watsala chimanjamanja, ndipo ikagunda mtengo molakwika imanjanja n'kubwerera komwe yachokera. Pophunzitsa enieni amabaya zidole zamatumba, pali mtunda pakati pa munthu ndi mnzake, wazachipatala ali pafupi, ndipo mpeni umatuluka m'chimake pokhapokha lamulo laperekedwa. Masiku ano wophunzira aliyense amene ndamuona akuyenda chowerama ndimamuimitsa pambali, akweze malaya ndione ndekha.